PHUNZIRO LA 17: KUPHUNZITSA ANA MASAMU NDI MASEWERA

Phunziro la aphunzitsi a Sande Sukulu ndi makolo

CHOLINGA: Kuti inu mphunzitsi muone kuti ana amadziwa kale masamu ambiri m'masewera ao, ndiponso kuti mudziwe njira yowatsogolera kuchokera pa timiyala kufikira pa nambala zolemba, popanda mantha.

ZOFUNIKA KUKONZERATU: Timiyala kapena njere za bwemba 100, timitengo 100 totalika ngati chala, ndi luzi lomangira, zitsekerero za mabotolo, masamba a mango ndi a gwafa, choko kapena khala, malo osesa bwino pa mthunzi.

1. MAU OYAMBA

Funsani ana a m'kalasi mwanu kuti, "Kodi ndi phunziro liti limene limakuvutani ku sukulu?" Ambiri adzayankha msanga kuti, "Masamu." Ena adzanena mauwa atazolika, monga munthu woulula mlandu. Koma madzulo a tsiku lomwelo kawaoneni pa bwalo. Mudzapeza mtsikana yemwe uja akuwerenga timiyala take osaphonya ngakhale kamodzi, ndipo mnyamata yemwe uja akutsutsa mnzake kuti pa bawo wadumpha dzenje. Mwana amene amati sadziwa masamu ndi yemweyo amene salola kuti amuchenjerere pogawana mango. Tsono vuto lili pati?

Vuto ndi lakuti masamu a m'manja ndi masamu a pa bolodi sanakumane. Mwanayo sadziwa kuti pogawana mango 12 ndi anzake awiri, napatsa aliyense 4, wachita samu yomwe ija inamliza m'kalasi. Iye amayesa kuti pa bwalo ndi kusewera chabe, ndipo pa bolodi ndi chinthu china chachilendo, cha anthu a mitu yabwino. Ntchito yanu ndi kumuikira ulalo pakati pa ziwirizi, kuti aoloke.

Nkhani imeneyi si yaing'ono. Mu 1994, pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere m'Malawi, ana olembetsa anachuluka kuchokera pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chichokere nthawi imeneyo makalasi ambiri akhala odzaza, kotero kuti mphunzitsi wa ku sukulu sangathe kukhala pansi ndi mwana aliyense payekha. Mwana akatsalira m'Sitandade 2, masamu a m'Sitandade 4 amamkulira, pakuti masamu ali ngati khoma la njerwa: mzere wapamwamba umakhala pa mzere wapansi. Pofika pa mayeso a Sitandade 8 ena amakhala atataya kale mtima.

Ndipo akakula masamu samsiya. Tiyerekeze kuti mlimi watenga matumba 6 a soya, lililonse la makilogalamu 50, ndipo wogula akugula pa K800 kilogalamu imodzi. Ndalama zake ziyenera kukwana K240,000. Koma ngati sikelo ikudya makilogalamu 3 pa thumba lililonse, mlimiyo wataya makilogalamu 18, ndiye kuti K14,400. Munthu woopa nambala amangolandira zimene ampatsa, nathokoza. Chimodzimodzinso mayi wa geni pobweza chenji, ndi munthu wotenga ngongole osadziwa kuti chiwongoladzanja chidzafika pati. Akulu anati m'mera mpoyamba. Zimene mudzachita ndi mwana wa zaka 7 zidzamthandiza akadzakhala wa zaka 40.

2. KODI MANTHA AMACHITA CHIYANI M'MUTU MWA MWANA?

Pochita samu, mwana amasunga zinthu zingapo m'mutu nthawi imodzi: nambala zimene ampatsa, chimene akufuna kupeza, ndi pamene wafika. Malo osungira zinthu zimenezi m'mutu ndi ochepa, ngati chikhatho cha dzanja. Mwana akakhala ndi mantha, malo aja amadzaza ndi maganizo ena: "Andikwapula. Anzanga andiseka." Pamenepo nambala zija zimatayika, ndipo amalakwa samu imene akanaikhoza. Akalakwa, mantha amakula; mantha akakula, amalakwanso. Ichi ndi chifukwa chake ndodo ndi mau onyoza sizinaphunzitsepo munthu masamu.

Pa masewera zinthu zimayenda mwina. Mwana akaphonya amaseka, nayambanso. Amabwereza chinthu chimodzi kakhumi osatopa, chifukwa akufuna kupambana. Amayang'anitsitsa zimene mnzake akuchita kuti asaberedwe. Kubwereza, kuyang'anitsitsa ndi kusaopa kulakwa ndizo zimene masamu amafuna.

Chenjeraninso ndi mau amene akulu timanena ana akumva. Ena amati, "Kwathu kuno masamu sitimatha," ena amati, "Masamu ndi a anyamata." Mau otere amatseka mutu wa mwana asanayese n'komwe. Auzeni atsikana anu kuti mu 2014 mayi wina wa ku Iran, Maryam Mirzakhani, analandira Fields Medal, imene ili mphoto yolemekezeka kwambiri ya akatswiri a masamu pa dziko lonse.

3. MASAMU ALI M'CHINENERO CHATHU

Tamverani m'mene timawerengera m'Chichewa: chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu. Apa dzanja limodzi latha. Tsono timati zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi, khumi. Kodi mwaona? Mwana akanena kuti "mbuzi zisanu ndi ziwiri" wachita kale samu yophatikiza: 5 + 2 = 7. Akanena kuti "makumi atatu" wachita samu yochulukitsa: 3 × 10 = 30. Makolo athu anaika masamu m'mau enieniwo.

Masiku ano ambiri timati sikisi, seveni, eyiti. Palibe cholakwa, ndipo ana ayenera kuwadziwa maina amenewa. Koma mau akuti "seveni" samuuza mwana kuti m'kati mwake muli chiyani, pamene "zisanu ndi ziwiri" amamuonetsa dzanja lathunthu ndi zala ziwiri. Phunzitsani zonse ziwiri pamodzi.

Ana adziwenso kuti kuwerenga zinthu sikunabwere ndi sitima. Mu 1950 munthu wina wa ku Belgium, Jean de Heinzelin, anafukula kafupa pa malo otchedwa Ishango, pafupi ndi nyanja ya Edward m'dziko la Congo. Akatswiri amati kafupako kakhala zaka pafupifupi 20,000. Pa kafupapo pali timizere tosemedwa m'magulu magulu, ndipo mbali imodzi ili ndi magulu a 11, 13, 17 ndi 19, amene pamodzi akwana 60. Kafupaka kakusungidwa ku Brussels. Munthu wa mu Africa anali kulemba chiwerengero kale kale, mabuku asanakhaleko.

4. MAKWERERO ATATU

Aphunzitsi odziwika anaona kale kuti mwana amaphunzira ndi manja. Friedrich Fröbel wa ku Germany, amene mu 1840 anatcha sukulu yake ya ana aang'ono Kindergarten, kutanthauza munda wa ana, ankawapatsa timatabwa toti azimangira. Maria Montessori, amene anatsegula nyumba yake ya ana ku Rome mu 1907, ankagwiritsa ntchito mikanda. M'zaka za m'ma 1960, Jerome Bruner wa ku America anafotokoza kuti mwana amamvetsa chinthu chatsopano pokwera makwerero atatu. Muwasunge bwino makwerero amenewa, pakuti phunziro lonseli laima pa iwo.

Khwerero loyamba ndi MANJA. Mwana agwire zinthu zenizeni: atenge timiyala 8, achotsepo 3, aone totsala.

Khwerero lachiwiri ndi CHITHUNZI. Ajambule pansi timizere 8, afufute 3.

Khwerero lachitatu ndi NAMBALA. Tsopano alembe 8 − 3 = 5, ndipo anene ndi pakamwa pake.

Kulakwa kumene kumachitika kawiri kawiri kuli pawiri. Ena amayambira pa khwerero lachitatu, ndipo mwana amangoloweza zimene sakuzimva. Ena amasewera ndi ana bwino bwino, koma amathera pa khwerero loyamba; ana amakondwa, koma mawa pa bolodi sazindikira kanthu. Inu mukwere onse atatu. Masewera alionse athe ndi funso lakuti, "Kodi tachita samu yanji?" ndipo yankho lilembedwe pansi ndi khala.

5. MASEWERA A ANA AANG'ONO (zaka 5 mpaka 8)

(a) Zili m'manjamu ndi zingati?

Ana akhale awiri awiri, ndipo muwapatse njere 10. Mmodzi atsinzine, mnzake afumbate zina. Wotsinzinayo atsegule maso, awerenge zotsala pansi, ndipo anene zimene zili m'manja. Ngati pansi pali 6, m'manja muli 4. Akakhoza, njira ndi yake yofumbata. Kwa aang'ono kwambiri yambani ndi njere 5.

Masewera amenewa aoneka opepuka, koma amaphunzitsa nambala zimene zimakwana khumi zikakumana: 1 ndi 9, 2 ndi 8, 3 ndi 7, 4 ndi 6, 5 ndi 5. Mwana wodziwa zimenezi savutika ndi 8 + 5. Amati, "8 ikufuna 2 kuti ikwane khumi; ndatenga 2 kwa 5, kwatsala 3; yankho ndi 13."

(b) Phada wa nambala

Jambulani phada monga mwa masiku onse, koma m'chipinda chilichonse mulembemo nambala. Mwana akadumpha atchule nambala imene wapondapo, ndipo pobwerera awerenge chobwerera m'mbuyo: 8, 7, 6, 5. Kuwerenga chobwerera ndiko chiyambi cha kuchotsera. Sabata lina lembani 2, 4, 6, 8. Sabata linanso 5, 10, 15, 20. Kwa okulirapo lembani 3, 6, 9, mpaka 24, ndipo phale likagwera m'chipinda chachisanu mwana anene asanadumphe kuti, "3 kasanu ndi 15." Motero matebulo amalowa m'mutu kudzera ku mapazi. Chimodzimodzi podumpha chingwe: oimirira awerengere wodumphayo ziwiri ziwiri, zisanu zisanu kapena khumi khumi.

(c) Timiyala ta m'kadzenje

Masewera awa atsikana amawadziwa bwino; ku Zambia ambiri amawatcha chiyato. Amakumba kadzenje naikamo timiyala. Wosewera amaponya kamwala m'mwamba, natulutsa timiyala m'kadzenje, nawakha kamwala kaja. Aponyanso, nabwezera timiyala tonse m'kadzenje kusiya kamodzi, ndipo kotsalako wadya. Akamaliza tonse amayamba kusiya tiwiri tiwiri, kenaka titatu titatu.

Ikani timiyala 12 ndipo mufunse asanayambe kuti, "Ukamadya tiwiri tiwiri, udya kangati kuti tithe?" Ayese, aone kuti ndi ka 6. Titatu titatu ndi ka 4. Tinayi tinayi ndi ka 3. Nanga tisanu tisanu? Adya kawiri, ndipo tiwiri titsala. Taonani, mwana wakumana ndi samu yogawa yokhala ndi zotsala, ndipo sanalire. Lembani pansi: 12 ÷ 5 = 2, kutsala 2. Anyamata naonso asewere.

6. MASEWERA A ANA OKULIRAPO (zaka 9 mpaka 13)

(a) Woyamba kufika pa zana

Lembani nambala 1 mpaka 9 m'zitsekerero za mabotolo, ndipo muziike m'kathumba. Ana akhale m'magulu awiri. Gulu lililonse litole chitsekerero osayang'ana, litenge timitengo tokwana nambala imene latola, ndi kubwezera chitsekererocho. Lamulo ndi limodzi: timitengo tikakwana 10, timangidwe mtolo. Gulu loyamba kukhala ndi mitolo 10, ndiye kuti zana, lapambana. Ngati timitengo tachepa, ana atole tina.

Onani chimene chikuchitika. Gulu lili ndi mitolo 2 ndi timitengo 8, ndiye kuti 28. Latola 5. Timitengo tosamanga takwana 13. Amanga mtolo umodzi, kwatsala 3. Tsopano ali ndi mitolo 3 ndi timitengo 3, ndiye kuti 33. Kaja kamene pa bolodi timati "tisunge 1" ndiko mtolo watsopanowo.

Tsiku lina yambani ndi mitolo yomanga kale, ndipo muzichotsa. Tinene kuti 42 − 17. Pali mitolo 4 ndi timitengo 2, ndipo tifuna kuchotsa timitengo 7. Sitikwana. Musanene kanthu, dikirani. Mwana wina adzati, "Timasule mtolo umodzi." Pamenepo pali mitolo 3 ndi timitengo 12. Achotse 7, kutsala 5. Achotse mtolo umodzi, kutsala 2. Yankho ndi 25. Mwana amene wamasula mtolo ndi manja ake sadzafunsanso kuti 1 "wobwereka" uja amachokera kuti.

(b) Msika wa masanje

Ana amakonda masanje, ndipo pa masanje msika sulephera. Tsamba la mango likhale K100, la gwafa K50, ndipo kapepala kolembapo kakhale K1,000. Ogulitsa aunjike milu ya timiyala ngati tomato, ndipo aike mitengo yao. Wogula agule milu 3 ya K200, apereke K1,000, ndipo asachoke asanawerenge chenji chake, chimene chiyenera kukhala K400. Ikani mwana wachitatu akhale mlembi wa msika, azilemba pansi malonda alionse. Nthawi zina inu mukhale wogulitsa, ndipo mubweze chenji choperewera mwadala. Ana akakugwirani adzakondwa kwambiri, ndipo adzakhala ataphunzira chinthu chimene chidzawasungira ndalama moyo wao wonse.

Mungawauzenso kuti agogo ao ankawerenga ndalama zovuta koposa. Kale makobidi 12 ankapanga sheleni imodzi, ndipo masheleni 20 ankapanga paundi. Mu 1971 Malawi anayamba kugwiritsa ntchito kwacha ndi tambala, matambala 100 kupanga kwacha imodzi, ndipo kuyambira pamenepo ndalama zathu zimayenda m'makumi ngati mitolo ija.

Pa msika pamafunikanso miyeso. Auzeni ana atatu, wamtali, wapakati ndi wamfupi, ayese khoma limodzi ndi mapazi ao. Mmodzi adzapeza 30, wina 34, wina 39. Funsani kuti, "Wanama ndani?" Akakangana pang'ono adzaona okha kuti palibe wanama, koma mapazi ndiwo asiyana. Apo ndi pamene muwaonetse ndodo ya mita imodzi, ndi kufotokoza chifukwa chake anthu anapangana kukhala ndi muyeso umodzi.

(c) Bawo

Pa bawo pamakhala mizere 4, ndipo mzere uliwonse uli ndi maenje 8. Ngati mulibe thabwa, ana akumbe pansi. Asanayambe afunseni kuti maenje onse ndi angati. Ndi 4 × 8, ndiye kuti 32. Pa bawo wosavuta uja wa ana, dzenje lililonse limayamba ndi njere 2. Tsono njere zonse ndi 64, ndipo wosewera aliyense ali ndi 32.

Phindu lalikulu la bawo ndi kuganiza usanagwire. Mwana akanyamula njere, muimitseni: "Taima kaye. Wanyamula zingati? Yomaliza igwera dzenje liti? Ikagwera pamenepo, chichitike ndi chiyani?" Aloze, ndipo kenaka afese kuti aone ngati analoza bwino. Akatswiri a bawo amachita zimenezi m'mutu maulendo angapo asanakhudze njere. Pemphani agogo amodzi a m'mudzi abwere adzaphunzitse anawo. Ana adzaona kuti munthu amene mwina sanapite patali ndi sukulu ali ndi masamu akuya m'mutu, ndipo agogowo adzamva kulemekezedwa.

(d) Mwala womaliza

Ikani timiyala 21 pansi. Ana awiri azitenga mosinthana, ndipo aliyense atenge 1, 2 kapena 3 monga afunira. Wotenga kamwala komaliza wapambana.

Masewera awa ali ndi chinsinsi, ndipo inu muchidziwe, koma musawauze. Amene wasiyira mnzake timiyala 4 wapambana, pakuti mnzakeyo akatenga 1 iye atenga 3, akatenga 2 iye atenga 2, akatenga 3 iye atenga 1. Chimodzimodzinso amene wasiya 8, 12, 16 kapena 20. Motero woyamba atenge kamodzi kokha, asiye 20, ndipo pambuyo pake azikwaniritsa 4 pa zimene mnzake watenga. Sewerani nao ndipo muwagonjetse kangapo. Akayamba kudabwa, chepetsani timiyala tikhale 5, kenaka 9. Tsiku limene mwana adzafuula kuti, "Ndazindikira!" mudzaona nkhope ya munthu amene wapeza chinthu yekha. Chimwemwe chimenecho ndicho chimakondetsa munthu masamu.

(e) Chilape!

Ana akayankha kuti "Nachize!" apatseni ichi. Munthu wina ali ndi galu, nkhuku ndi dengu la chimanga, ndipo afuna kuoloka mtsinje. Bwato lake ndi laling'ono. Limanyamula iye ndi chinthu chimodzi chokha. Akasiya galu ndi nkhuku paokha, galu adya nkhuku. Akasiya nkhuku ndi chimanga, nkhuku idya chimanga. Aoloke bwanji? Jambulani mtsinje pansi, ndipo ana anayi achite sewero. Funso lofanana nalo linalembedwa ku Ulaya zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo limadziwikanso m'maiko ambiri a mu Africa. Mulibe nambala m'menemo, komabe ndi masamu, pakuti limaphunzitsa kuganiza mwa dongosolo. Yankho lili kumapeto.

7. NKHANI YOFOTOKOZERA ANA

Mu 1777, mu mzinda wa Braunschweig ku Germany, munabadwa mwana dzina lake Carl Friedrich Gauss. Makolo ake anali osauka. Anthu amasimba kuti tsiku lina mphunzitsi wake anauza ana onse kuti aphatikize nambala zonse kuyambira 1 mpaka 100, poyesa kuti ntchitoyo iwatengera nthawi yaitali. Ana anayamba: 1 ndi 2, ndi 3, ndi 4. Koma Gauss anabweretsa sileti yake nthawi yomweyo, atalembapo 5,050.

Kodi anachita bwanji? Anaona kuti nambala yoyamba ndi yomaliza, 1 ndi 100, zikwana 101. Yachiwiri ndi yachiwiri kuchokera kumapeto, 2 ndi 99, zikwananso 101. Chimodzimodzi 3 ndi 98. Magulu otere alipo 50, ndipo 50 × 101 ndi 5,050. Mwanayo atakula anakhala mmodzi wa akatswiri aakulu a masamu, ndipo anamwalira mu 1855.

Musangofotokoza nkhaniyi, ana aichite. Aunjike milu 10 ya timiyala: woyamba kamodzi, wachiwiri tiwiri, mpaka wakhumi timiyala 10. Aphatikize mulu woyamba ndi womaliza, wachiwiri ndi wachisanu ndi chinayi, mpaka yonse ithe. Adzapeza milu 5 yofanana, uliwonse wa 11, ndiye kuti 55. Phunziro lake ndi ili: usanathamangire kuwerenga, yamba wayang'ana.

8. MACHENJEZO KWA MPHUNZITSI

(1) Masewera asasanduke njuga. Pasakhale kubetcha ndalama, chakudya kapena chinthu chilichonse.

(2) Aliyense asewere. Gawani ana m'magulu a 4 kapena 6, ndipo okulirapo athandize aang'ono. Ngati akusewera awiri okha ndipo 30 akuonerera, phunziro lalephera.

(3) Musayamikire liwiro lokha. Mwana woganiza pang'ono pang'ono kawiri kawiri amaganiza mozama. Mpatseni nthawi, ndipo muletse anzake kumulanda yankho.

(4) Mwana akalakwa, musanene msanga kuti "Walakwa." Nenani kuti, "Tandionetsa ndi timiyala m'mene wapezera." Nthawi zambiri adzaona yekha pamene waphonya. Wokhoza nayenso mumfunse funso lomwelo.

(5) Wosekedwa sabweranso. Ikani lamulo kuyambira tsiku loyamba kuti pano sitisekana.

(6) Ana aang'ono kwambiri amaika njere m'kamwa, m'mphuno ndi m'makutu. Kwa iwo gwiritsani ntchito zitsononkho kapena miyala yaikulu, ndipo pomaliza muwerenge zipangizo zonse pamodzi ndi anawo.

(7) Mphindi 10 kapena 15 zikwanira, kaya ana asanalowe m'kalasi, kaya akudikira makolo ao. Lekani akadali kufuna, kuti sabata lamawa abwere ndi njala. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

9. MAU KWA MAKOLO

Inu mayi ndi bambo, musadandaule kuti simunaphunzire kwambiri. Nyumba yanu ndi yodzaza ndi masamu. Mwana awerenge nkhuku polowa m'khola, ndipo anene zimene zatsala kunja. Agawe mbatata mofanana kwa abale ake. Pobzala chimanga awerenge mapando a mzere umodzi, ndipo apeze a mizere 5 osawerenganso. Poluka mphasa kapena lichero muonetseni m'mene maluko amabwerezera. Mukamtuma ku golosale anene chenji asananyamuke. Akakhoza, muuzeni kuti, "Mwana wanga, zimene wachitazi ndiwo masamu."

10. MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi mantha amalepheretsa bwanji mwana kuchita samu imene akuidziwa?
2. Tchulani makwerero atatu. Kodi ndi liti limene timakonda kudumpha?
3. Fotokozani ndi mitolo m'mene mungaphunzitsire 53 − 26.
4. Pa masewera a Mwala Womaliza, ngati timiyala tili 20, ndani ayenera kupambana, woyamba kapena wachiwiri? Chifukwa chiyani?
5. Ndi masewera ena ati a kwanu amene muli masamu? Ganizirani nsikwa, fulaye ndi mpira.
6. Kodi m'kalasi mwanu muli mwana amene amadziyesa wopanda nzeru? Mudzayamba naye masewera ati?

11. NTCHITO YA M'SABATA MUNO

Mphunzitsi: Sankhani masewera amodzi okha, muwayese nokha kunyumba, ndipo muwasewere ndi ana masabata atatu otsatana musanasinthe.

Ana: Aliyense abwere ndi mtolo umodzi wa timitengo 10 womanga yekha, ndipo afunse agogo kapena amalume masewera amodzi owerenga amene ankasewera ali ana.

MAYANKHO

Kuoloka mtsinje: Aolotse nkhuku, abwerere yekha, aolotse galu, abwerere ndi nkhuku, aisiye, aolotse chimanga, abwerere yekha, aolotse nkhuku. Maulendo onse ndi 7.

Funso 3: Mitolo 5 ndi timitengo 3. Masulani mtolo umodzi, ikhale mitolo 4 ndi timitengo 13. Chotsani timitengo 6 ndi mitolo 2. Yatsala mitolo 2 ndi timitengo 7, ndiye kuti 27.

Funso 4: Wachiwiri, ngati nthawi zonse akwaniritsa 4 pa zimene woyamba watenga.